Chipsera Chinali Kumanzere

1

Mwamuna wanga Jinpachi ankandimenya paliponse kupatula manja. Nthiti, msana, kumaso, zonsezo zinali zake. Koma akandigwetsa pansi n'kuona kuti ndadzitchinjiriza ndi zikhatho, ankayamba waima kaye, n'kulankhula mofatsa ngati munthu wachifundo.

"Chotsa manjawo, Otsune. Mawa uli ndi tsitsi loti useme."

Ndiyambe ndi manjawo kuti mundimvetse. Bambo anga anali osema matabwa odindira zithunzi za akatswiri a zisudzo za kabuki, konkuno mu mzinda wa Edo. Pa thabwa lonse, ntchito yowawitsa mutu ndi tsitsi: timizere topyapyala tosayenera kukhudzana, ndipo kampeni kakangoterereka kamodzi, thabwalo lasanduka nkhuni. Ine ndinaphunzira mongosuzumira pa phewa la bambo, mpaka ndinawaposa iwo amene. Koma dzina la mkazi sililembedwa pa chithunzi, choncho anthu ankatama bambo, ndipo pambuyo pake ankatama Jinpachi.

Bambo analibe mwana wamwamuna. Tinalipo awiri, achemwali anga Osayo ndi ine. Jinpachi analowa m'nyumba mwathu ngati mkamwini wa Osayo, anatenga dzina la banja lathu kuti adzalowe m'malo mwa bambo. Anali wooneka bwino, waulemu, wodziwa kusema nkhope. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsiku lina m'mawa, nyengo ya mvula, analowa akulira, nagwada pamaso pa bambo.

"Bambo, ndikhululukireni, ndalephera kusunga mwana wanu. Osayo wathawa ndi mwamuna wopalasa bwato. Akuti alowera ku Osaka."

Msewu wonse unatiseka. Bambo anatukwana, analetsa kutchula dzina la Osayo pakhomo, ndipo poopa kuti ntchito yawo isowa woilowa, anandipereka ine kwa mkamwini yemweyo. Sanandifunse maganizo. Chaka chisanathe, bambo anamwalira, ndipo zibakera zinayamba maliro asanazizire. Akazi oyandikana nafe ankamva zonse kudzera m'zipupa zathu zamapepala, koma m'mawa pachitsime ankangoti, "Banja ndi kupirira, mwanawe."

Ndinapirira mpaka chilimwe chimene kunabwera mzukwa.

2

Kukatentha ku Edo, anthu amafuna masewero a mizukwa. Amati mantha amaziziritsa thupi kuposa chokupizira mphepo. Nthawi imeneyo kwa ife osema ndi yokolola.

Masana ena anatulukira a Kahei, eni sitolo imene inkagulitsa zithunzi zathu, thukuta lili kamukamu.

"Odi kuno! Muli moyo, kapena kutenthaku kwakuphikani?"

"Lowani, bambo," anayankha a Mokichi, mkulu amene ankadinda matabwa athu kuyambira nthawi ya bambo. "Tikanafa mukanabwera kale kudzatijambula, mutigulitse."

A Kahei anaseka, nafunyulula pepala pamphasa.

"Uyu ndi Ayanosuke, uja amasewera ngati mkazi mpaka akazi enieni kuchita nsanje. Ulendo uno ndi mzukwa wa mkazi wophedwa ndi mwamuna wake. Sewerolo silinayambe, ndipo nkhope iyi palibe waiona kupatula mwini wake ndi wojambula. Ndikufuna tsitsi loti munthu akaliona adzigwire m'khosi."

Tonse tinawerama. Mzukwawo unali mu kimono yoyera, mkanjo wautali umene timavala kuno, m'munsi mwake mukuzimirira ngati utsi, popeza mizukwa ilibe mapazi. Tsitsi linali lonyowa, lomatirira kumaso. Pa tsaya lamanja panali chipsera chochokera pakona ya diso mpaka kuchibwano.

Tsono mudziwe ichi. Ife osema timamata pepala la wojambula chafufumimba pa thabwa, ndiye pa thabwapo kumanja kumasanduka kumanzere. Diso lathu limakhala m'dziko lotembenuka tsiku lonse, ndipo palibe manyazi oposa kutembenuza chinthu: lupanga kuliika mbali yolakwika ya chiuno, kapena kupingasa khosi la kimono mobwerera, munthu wamoyo n'kumuveka ngati mtembo. N'chifukwa chake Jinpachi akalandira pepala, ankayamba ndi kuyendera mbali zonse mokweza mawu, kuti aliyense amve kuti iye sanamizidwa.

"Khosi la kimono lili bwino, ndi la maliro," anatero akuloza ndi chala. "Mapazi palibe, zili bwino. Koma wojambula wanuyu watembenuza chipsera. Chinali kumanzere."

Tonse tinamuyang'ana. Kenako a Kahei anaphulika ndi phwete.

"Chinali? Mwauonapo mzukwawu, a Jinpachi? Mumamwera limodzi kapena?"

Nkhope ya mwamuna wanga inatuwa ngati phulusa.

"Ndimati chikanakhala bwino kumanzere. Basi."

Ine sindinaseke nawo. Maso anga anali pa tsitsi, monga mwa ntchito yanga, ndipo m'tsitsimo munali chipeso chokhala ndi timbalame tiwiri, chothyoka dzino lakumapeto. Dzino limenelo ndinathyola ndine ndili mwana, n'kukwapulidwa. Chinali chipeso cha malemu amayi athu, ndipo Osayo sankachichotsa kumutu.

3

Jinpachi anasema nkhopeyo mozengereza, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anayamba kumwa mowa dzuwa lili pamutu. Akafika pa chipsera ankaika kampeni pansi, n'kutuluka panja kukalavula.

Thabwa litafika kwa ine, ndinasema tsitsi lija ngati ndikupesa munthu. Ndinalidziwa. Ndinadziwa pamene limapotoka pamwamba pa mphumi, ndi pamene limakana kugona kuseri kwa khutu. Mtima unkandiuza chinthu chimene mutu unkakana kumva.

A Mokichi atapita kukagula mapepala, ndinalimba mtima n'kumufunsa Jinpachi.

"Bambo, ndifunse nawo. Munadziwa bwanji kuti chipsera chinali kumanzere?"

Sanatembenuke.

"Wati chiyani?"

"Chipesochi ndi cha achemwali. Inu munati anathawa ali bwinobwino. Nanga chipsera..."

Sindinamalize. Anandigwira tsitsi, nandimenyetsa mutu pa nsanamira mpaka maso anachita mdima. Chibakera chinatera pa tsaya, china pakamwa, ndipo nditagwa anandiponda m'nthiti ndi chidendene. Ndinabisa manja m'mimba mwa chizolowezi. Kenako anagwada, naika pakamwa pake pa khutu langa, fungo la mowa lili guu.

"Dzina limenelo bambo ako analiletsa m'nyumba muno. Ukalitchulanso, ukumbukire kuti ngalande ya kuseriyi ndi yakuya, ndipo sibweza zimene yapatsidwa."

Atatuluka ndinakwawira ku ndowa kuti ndisambe magazi. M'madzimo ndinaona nkhope yanga, tsaya litatupa, ndipo ndinaligwira. Linali lamanzere. Ndinakumbukira maulendo onse amene anandimenya kumaso, ndipo nthawi zonse linali lamanzere, chifukwa munthu wa dzanja lamanja akayang'anizana nawe, nkhonya yake imatera kumeneko.

Ndinakhala pansi pomwepo, thupi lonse litazizira pakati pa chilimwe. Osayo sanathawe ndi wopalasa bwato aliyense. Ndinali ndikugona pamphasa imodzi ndi munthu amene anapha mbale wanga, ndipo tsopano iye ankadziwa kuti ndadziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma funso limodzi linandikaniza kungothawa: Ayanosuke anaiona kuti nkhope imeneyi?

4

A Kahei anali atanena kuti Ayanosuke akufuna kuona chodinda choyamba tisanaike mitundu. Jinpachi ankazengereza kupita nacho. Tsiku lina ataledzera n'kugona masana, ndinachikulunga, ndinafunda kansalu kumutu, ndinauyatsa wa ku nyumba ya zisudzo.

Ndinamupeza Ayanosuke kuseri, atakhala patsogolo pa galasi, theka la nkhope litapakidwa zoyera. Anali bambo wachikulire ndithu, wa mawu okhuthala, koma manja ake ankayenda ngati a namwali. Anayang'ana pepala lija nthawi yaitali.

"Tsitsi ili sanaseme mwamuna," anatero. "Mwasema ndinu, mayi?"

"Ndine, bambo. Koma ndabwera ndi funso. Nkhope iyi munaitenga kuti?"

"Ha! Aliyense akuganiza kuti ndinailota. Ayi, ndinabwereka kwa mwini wake. Ndinamukhazika apa, ine apa, n'kumadzipaka ndikumuyang'ana ngati ndikuyang'ana pa galasi." Anaima, nadzigwira tsaya. "Ooh, ndiye kuti ndinachiika mbali yolakwika? Zaka zonsezi pa ntchito, taonani manyazi."

"Mwati mwini wake?" Mawu anga anatuluka ngati a munthu wina. "Ali moyo?"

"Amatichapira zovala. Anachita kundipempha yekha, n'kundibwereka ndi chipeso chomwe. Anangoti chithunzicho chikasemedwe kwa Jinpachi, osati kwina." Anandiyang'anitsitsa pansi pa kansalu kanga. "Pitani kuseri, kuchitsime. Ndipo mayi, uyo wakupakani zimenezo kumasoko alibe luso."

Kuchitsime kunali mkazi mmodzi, atawerama pa mtsuko wochapira, nkhope atakulunga ndi nsalu. Ndinamudziwa ndi msana.

"Achemwali."

Manja ake anaima m'madzi. Anadzuka pang'onopang'ono, namasula nsalu ija. Chipseracho chinali pa tsaya lamanzere, chokhuthala, chofiirira, chitakoka diso pansi. Ndinagwada m'matope.

"Wabwera," anatero Osayo, mawu ali ouma gwa. "Alamu ako ali bwanji? Pepa, ndimati amuna ako."

"Achemwali, anatiuza kuti munathawa."

"Ndipo iwe unakhulupirira msangamsanga, eti? Ndinamuuza kuti ndatopa ndi zibakera, ndikauza bambo amuchotse pakhomo. Mkamwini amachotsedwa, iye ankadziwa. M'mawa mwake anandiitanira kungalande kuti tikaone matabwa. Anandikhapa ndi chitsulo chosemera, n'kundikankhira m'madzi. Anandivuula ndi anthu a bwato la ndiwo zamasamba, ndipo ndinagona kwawo miyezi osatha kutsegula pakamwa."

"Bwanji simunabwerere?"

"Ndinabwera! Nditangotha kuyenda ndinabwera, nsalu ili kumaso. Ndinamva kuti bambo anaikidwa kale. Ndipo pakhomo ndinaona iwe, mano utadetsa kale monga amachitira akazi apabanja kuno, ukuseka ndi wogulitsa nsomba. Ndinati awa anapangana. Chithunzichi ndinatumiza kuti ndione amene ayambe kunjenjemera, iye kapena iwe."

Ndinangochotsa kansalu kumutu, ndinamasula lamba, ndinamuonetsa nthiti. Zina zinali zakuda, zina zachikasu, zina zakale zimene zinapola mokhota. Osayo anayang'ana osaphethira. Kenako anatambasula dzanja lake lonyowa nandigwira tsaya.

"Nawenso kumanzere," anatero chapansipansi.

Sitinakumbatirane. Tinangoima choncho, ine ndikulira, iye ayi.

"Usabwererenso kumeneko," anatero.

"Kathabwa kachikumbutso kolembedwa dzina la bambo kali pa guwa m'nyumbamo. Sindingawasiye ndi munthu ameneyo. Ndikangotenga, ndibwera."

"Bambo anafa akunditukwana. Asiye."

"Anatukwana ali ndi mphamvu, achemwali. Tsiku lomaliza ankaitana inu. Ine ndinali pambali pawo, koma dzina limene linali pakamwa pawo linali lanu."

Anatembenuka, nabwerera pa mtsuko wake. Ndinanyamuka ndekha.

5

Ndili m'njira kumwamba kunada, ndipo inagwa mvula ija ya chilimwe imene imabwera ngati yathiridwa ndi ndowa. Anthu anathawira m'makonde. Pakhonde lathu panadzaza akazi a pachitsime aja ndi amalonda, ndipo a Mokichi anali pakati pawo akusuta kaliwo.

Ndinalowa mwakachetechete. Ndinali nditangotenga kathabwa ka bambo n'kukalowetsa pachifuwa pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Chodinda chija chili kuti?"

Jinpachi anali atakhala pa benchi losemera, maso ali psuu, thabwa la mzukwa lili patsogolo pake.

"Ndakapereka kwa Ayanosuke."

"Wakapereka. Ndipo wakafunsa mafunso."

Anandilumphira ndisanafike pakhomo. Anandikokera pa benchi ndi tsitsi, nandigwetsa chagada, bondo lake lili pamimba panga. Ndinakuwa, ndipo ndikudziwa kuti pakhonde anamva, koma kwa iwo linali tsiku ngati masiku ena onse. Ndinabisa manja. Ulendo uno anagwira dzanja langa lamanzere, nalitambasula pa benchi, natola nyundo yamtengo imene timamenyera zitsulo.

"Lero ndi manja omwe," anatero. "Kumene ukupita kulibe tsitsi loti useme."

Nyundo inatsika. Ndinamva zala zanga zikuphwanyika ngati timitengo touma, ululu wake n'kubwera pambuyo. Anaikwezanso, tsopano akuyang'ana pamutu panga.

Chitseko chinatseguka.

Pakhomo panaima mkazi, madzi akuchucha thupi lonse, tsitsi litamasuka n'kumatirira kumaso. Pakhomo pathu m'potsika, munthu amayamba wakwera kuti afike pamphasa, choncho kuchokera pa benchi sitinkaona m'munsi mwa mawondo ake. Kumbuyo kwake mvula inali ngati utsi.

Jinpachi anaseka, kuseka koipa.

"Ayanosuke! Wakutuma ndi mkazi wangayu kuti udzandiopseze? Ine ndasema mizukwa yambiri kuposa imene iwe wasewera. Pita ukadzipake bwino, chipsera chako chija n'chotembe..."

Mawu anamuthera pakamwa. Diso lake lija, losanamizidwa, linali litayendera kale mbali zonse. Mkaziyo anakankhira tsitsi kumbuyo.

"Chili kumanzere," ananong'ona Jinpachi. Nyundo inagwa. Anayang'ana pansi kufuna mapazi, sanawaone, ndipo anakuwa mawu amene sindinamvepo kwa munthu wamkulu. "Osayo! Ndinakuponya m'madzi ndi manja angawa! Ndinaima mpaka unamira! Ukufunanso chiyani kwa ine?"

Pakhonde ponse panamva. Ndinaona mitu ikusuzumira, kaliwo wa a Mokichi atagwa pakamwa.

Osayo anakwera pamphasa. Mapazi ake anali amatope, ndipo anasiya zidindo ziwiri zakuda.

"Ndabwera kudzatenga mng'ono wanga, a Jinpachi. Ndi bambo anga."

Iye anayang'ana matopewo. Ndinaona mantha akuchoka pankhope pake, m'malo mwake mukulowa chinthu chimene ndinkachidziwa bwino.

"Uli ndi mapazi," anatero. "Ndiye kuti ungathe kufa kawiri."

Anatambasula dzanja lamanja kuti atole chitsulo chosemera chimene chinali pa thabwa la mzukwa. Ine ndinali chigonere pambali pake, dzanja limodzi litafa. Koma linalo linali lamoyo, ndipo pafupi nalo panali kampeni kanga ka tsitsi. Moyo wanga wonse ndinaphunzira kulasa pakati pa mizere iwiri osakhudza uliwonse. Ndinakazika pakati pa mafupa a chikhatho chake, ndi mphamvu zonse za zaka zimene ndinapirira, mpaka kanatulukira kunsi n'kulowa m'thabwa.

Anakuwa, anakoka, koma thabwa la mzukwa lija linali lolemera ndipo linamugwira. Magazi anayenderera m'timizere ta tsitsi lija, kamzere ndi kamzere. Apo m'pamene amuna a pakhonde anakumbukira kuti ali ndi miyendo. Anamugwera, a Mokichi ali patsogolo ndi ukalamba wawo womwe, ndipo anamumanga ndi zingwe zomangira mapepala.

6

Mlandu suola. Kwa woweruza, mboni zinali khonde lonse, ndipo akazi aja a "banja ndi kupirira" ndi amene analankhula kwambiri. Jinpachi anatumizidwa ku chilumba cha akaidi, dzanja lake lamanja litauma osathanso kufumbata. Sanabwerere. Ngati mukudikira kuti ndinene kuti ndikumva chisoni ndi kampeni kaja, mudikira mpaka kalekale.

Zala zanga zinapola mokhota. Wosema amagwira mpeni ndi dzanja lamanja, koma amauwongolera ndi chala cha kumanzere, ndiye tsitsi la mzukwa uja ndi lomaliza limene ndinasema. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, kuposa nthiti.

Osayo anabwerera kunyumba. Tinaika kathabwa ka bambo pamalo pake, ndipo iye anakhala patsogolo pake tsiku lonse. M'mawa mwake anandipatsa chipeso cha amayi, nakhala pansi chondifulatira. Ndikumupesa, anafunsa osatembenuka.

"Otsune, chithunzi chija chikanapanda kubwera, ukanandifunafuna?"

Ndinafuna kunama, koma tsitsi lake linali m'manja mwanga.

"Ayi, achemwali. Sindikanakufunani."

"Ndimadziwa," anatero. "Pesa bwino kuseri kwa khutuko."

Chibale ndi fupa, sichiola, koma ndaona ndi zala zangazi kuti fupa likathyoka silibwerera mwakale. Takalamba limodzi, ndimamupesa m'mawa uliwonse, ndipo funso limenelo sanalibwerezenso.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mumakonda zithunzi za mizukwa, mumazipachika kuti zikuziziritseni. Ine ndasema yambiri, ndipo palibe umodzi umene unandikhudza ndi chala. Amene anandithyola anali ndi mapazi, ankavula nsapato pakhomo mwaulemu, ndipo ndinkamuphikira mpunga. Mukadzamva kuti mkazi wakuti wathawa ndi mwamuna wina, musathamangire kuseka. Funsani kuti anamuona akupita ndani. Msewu wathu wonse, bambo anga, ndi ine ndemwe, palibe anafunsa funso laling'ono limenelo. Ndipo mukamva kukuwa kuseri kwa chipupa, musadikire kuti mzukwa ndiwo udzatsegule chitseko.

A Kahei anakana kutaya thabwa lija. Analitsuka, nalidinda momwemo, ndipo chithunzicho chinagulidwa Edo yense. Mukadzachipeza kwa ogulitsa zakale, yang'anani m'tsitsi, pamwamba pa chipeso. Muona kadontho koyera pamene utoto sunagwire. Pamenepo m'pamene panalowa kampeni kanga, ndipo ndi dzina lokhalo limene ndinasainapo pa ntchito yanga.

Chipsera mudzachiona pa tsaya lamanja. Musakhulupirire pepala. Chinali kumanzere.